Adiresi ya pa Makatoni a Bambo Pyo

Tak Sanggu ndinakhala naye desiki imodzi kwa zaka zingapo pa kakampani kathu kopanga mawebusayiti ku Busan, pamwamba pa sitolo ya magalasi a maso. Ine ndinali wamkulu kwa iye, pa msinkhu ndi pa ntchito pomwe, choncho ankanditchula achemwali. Ine ndinkangomuitana Sanggu, kupatula masiku amene ndinkafuna kumuputa. Masiku amenewo anali a Meya.

Dzinali silinangobwera. Pa ntchito yathuyi, webusayiti isanatuluke kuti anthu ayione, timayamba taimanga m'kompyuta yathu yomwe. Kompyutayo imadzisandutsa seva, imadzifunsa yokha tsamba n'kudziyankha yokha. Ambirife sitivutika n'kukongoletsa zimenezi. Timalemba localhost ndi timanambala kutsogolo kwake, tsamba n'kutseguka, ntchito n'kumayenda. Kwa Sanggu kuchita zotero kunali ngati kulera mwana wopanda dzina. Webusayiti iliyonse imene ankamanga ankaipatsa dzina lakelake lothera ndi .test, n'kuilangiza laputopu yake kuti ikamva dzina limenelo isapite kokafunsa kutali, chifukwa mwini dzinalo ali pakhomo pomwepo. Akatero ankaipangiranso chiphaso, kuti pambali pa adiresi pazioneka kaloko kotseka ngati ka pa webusayiti ya banki. Ziphasozo ankasayina yekha, ndipo laputopuyo anali ataiuza kale kuti chilichonse chosayinidwa ndi Tak Sanggu izichikhulupirira osafunsa.

Ndiye mulaputopu imeneyo munali mzinda wathunthu. Munali chipatala cha mano, sukulu ya piyano, malo ochapira magalimoto, ngakhale kampani yokonza maliro, chilichonse ndi adiresi yake ndi loko wake. Koma woyenda m'misewu ya mzindawo anali mmodzi yekha, mwini wakeyo. Munthu wotere ungamutchule chiyani ngati si meya?

Ndisamunamizire, zimene ankachitazo zinali ndi phindu. Pali zinthu zina, monga malo olipirira kapena kamera ya pafoni, zimene zimakana kugwira ntchito ngati loko palibe, ndipo zathu zikativuta tinkapita kwa iye yemweyo mutu uli pansi. Vuto linali loti thandizo lake linkabwera ndi ulaliki. Ukamupempha kuti akukonzere kanthu kakang'ono, ankayamba kaye wakoka mpando. Mutu umene ankaukonda kwambiri unali wa .test. Ankati ubwino wake ndi woti dzina lothera choncho palibe angaligule padziko lonse lapansi, ngakhale atabwera ndi ndalama zodzadza sitima, chifukwa linapatulidwa kuti likhale loyesera basi. Mawu amenewa tinawamva mpaka kuwaloweza.

Munthu yemweyu, wotilalikira ife mopanda mantha, panali munthu mmodzi amene ankamuopa ngakhale kungomva dzina lake. Anali Bambo Pyo, bambo a chibwenzi chake.

Chibwenzicho chinali Haeju, namwino wa kuchipinda cha ana, mtsikana woseka ndi thupi lonse. Makolo ake anali ndi sitolo ya tinsomba touma ndi ndiwo za m'nyanja mumsika wina ku Yeongdo, chilumba cha mu Busan momwemo, sitolo imene inayamba Haeju asanabadwe. Bambo Pyo sanali munthu waukali. Anali wachete chabe, koma chete wake anali uja wokupangitsa kuyamba kukumbukira zolakwa zako zonse. Tsiku loyamba Sanggu atapita kukaonekera, anafotokoza za ntchito yake mpaka mpunga kuzizira m'mbale. Bambowo anamvetsera zonse, kenako anangofunsa ngati zimene amapangazo munthu angathe kuzigwira ndi manja. Sanggu anati ayi. Nkhani inathera pomwepo, ndipo anabwera kuntchito mawa lake ngati nkhuku yonyowa.

Nzeru yopangira sitoloyo webusayiti inachokera kwa mayi a Haeju, amene ankamumvera chisoni mnyamatayo. Anamunong'oneza kuti bambowo sakhulupirira za pakamwa, amafuna kuona ndi maso. Sanggu anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Nthawi ya nkhomaliro ife tikatsika kukadya msuzi wa nkhumba kuseri kwa siteshoni, iye ankatsala akusankha zithunzi za tinsomba, kuti aka maso ake akuwala bwino, aka kakuoneka kotopa. Adiresi anaipatsa yoti pyogane.test, kutanthauza kwa a Pyo, ndipo kaloko anakaikapo monga mwa mwambo wake.

Lamlungu lina ananyamula laputopu kupita nayo ku Yeongdo. Lolemba analowa muofesi akuimba kamluzu, atatigulira khofi tonse, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Anatifotokozera kuti Bambo Pyo anavala magalasi, n'kulemba okha adiresiyo ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo. Tsamba litatseguka anaona dzina la sitolo yawo pamwamba, tinsomba tawo tili ndandanda pansi pake. Kenako analoza kaloko kaja n'kufunsa kuti n'ka chiyani. Sanggu anayankha kuti kamasonyeza kuti malowo ndi otetezeka, wakuba sangasuzumiremo. Apo bambowo anamwetulira, n'kuuza akazi awo kuti abweretse botolo ndi timatambula tiwiri.

Ndinamufunsa ngati anawauza kuti webusayitiyo ili mulaputopu mokha.

"Ndinawauza, achemwali. Ndinati panopa ikugwira ntchito kwathu kuno kokha, kunja sinatuluke."

"Iwo anati chiyani?"

"Anati kunjako ndikukafunako chiyani, anthu anga ndi a kuno komwe."

Ndinaika khofi wanga pansi. Ndinamuuza kuti iye ponena kuti kwathu kuno ankatanthauza laputopu, koma bambowo anamva Busan. Sanggu anakana, nati bambowo anagwedeza mutu ndithu, anamvetsa. Ndinamukumbutsa kuti ngakhale munthu wowodzera m'basi amagwedeza mutu. Anaseka n'kunena kuti ndimakonda kuwononga chisangalalo cha anthu, ndipo poti ntchito inali itatipanikiza mwezi umenewo, nkhaniyo tinaisiya. Cholinga chake chinali choti akapeza mpata agule adiresi yeniyeni, aisamutsire webusayitiyo pa seva yakunja, zonse zikhale m'malo mwake. Mpatawo unachedwa.

Chikondwerero cha zokolola cha Chuseok chitayandikira, nyengo imene ogulitsa zouma amapeza ndalama za chaka chonse chifukwa aliyense akutumiza mphatso kwa abale ndi mabwana, Haeju anamutumizira chithunzi pafoni. Ndinaona Sanggu akuyang'ana foniyo, akuiyandikitsa kumaso, akuitalikitsa, kenako anaiika chafufumimba pa desiki n'kupita pazenera. Ndinaitembenuza. Pachithunzipo panali Bambo Pyo ataima chilili pafupi ndi mulu wa makatoni a mphatso ofika kudenga. Pa katoni iliyonse, pansi pa dzina la sitolo, panalembedwa ndi zilembo zagolide kuti pyogane.test, ndipo pambali pake osindikiza anajambulapo kaloko. Pansi pa chithunzicho Haeju analemba kuti bambo akunyadira, auza msika wonse.

Anzathu anaunjikana pa desiki yanga. Wina anati a Meya tsopano mzinda wanu wapeza anthu. Wina anafunsa, nkhope ili phee, ngati sizingatheke kugula dzinalo, ndipo tonse tinayankha pamodzi ngati ana a sukulu kuti ngakhale utabwera ndi ndalama zodzadza sitima. Sanggu sanaseke. Nditaona zimenezi, ndinawabalalitsa anzangawo n'kumuuza kuti aimbe foni nthawi yomweyo, anene zoona, makatoniwo asanayambe kutuluka m'sitolo. Anati aimba madzulo. Madzulo anati aimba m'mawa. M'mawa anati nkhani ngati imeneyi si ya pafoni, ndipo Loweruka apita yekha. Ngakhale Haeju sanamuuze, poopa kuti aseka kaye asanamuthandize.

Zimene zinachitika Loweruka lisanafike ndinazimva pambuyo pake kwa mayi a Haeju. Moyang'anizana ndi sitolo ya a Pyo muli sitolo ya Mayi Seok, ogulitsanso zomwezo. Anthu awiriwa akhala akupatsana moni m'mawa uliwonse kwa zaka zambirimbiri, aliyense akusuzumira mitengo ya mnzake ndi kona ya diso. Mayi Seok ataona makatoni agolide aja, anatulutsa foni yawo n'kulemba adiresiyo. Foni inati malo amenewo kulibe. Anawoloka kanjira kukawaonetsa Bambo Pyo, mwaulemu wonse, ngati munthu wodandaulira mnzake. Bambowo anaiyang'ana foniyo n'kunena kuti mafoni otchipa amatero. Wogulitsa mafuta a chitowe anayesa pa yake, chimodzimodzi. Wa mipeni nayenso chimodzimodzi. Bambo Pyo anati msika wonsewu anthu amagula mafoni kwa munthu mmodzi. Yawo sanayesere, chifukwa ndi ija yopinda ya mabatani. Anangolengeza kuti Loweruka mkamwini wawo akubwera, adzawaonetsa.

Liwu loti mkamwini linali lisanatulukepo pakamwa pawo. Mayi a Haeju, pofuna kumusangalatsa, anamuimbira Sanggu n'kumuuza. Ndikukhulupirira kuti liwu limeneli ndi limene linamaliza kumusokoneza mutu.

Anafika Loweruka m'mawa atakonzeka kuulula, koma anapeza anthu akumudikira pakhomo pa sitolo, mafoni ali m'manja. Anatsegula laputopu, tsamba linatseguka bwinobwino, kaloko kali pamalo pake, ndipo Bambo Pyo anayang'ana Mayi Seok. Mayiwo anati zili bwino, koma makasitomala sayenda ndi laputopu ya mkamwini, iwo akufuna aone pa foni yawo. Apa ndi pamene munthu wanzeru akanameza malovu n'kulankhula. Sanggu m'malo mwake anapempha kamphindi, n'kulowa kuseri kumene kuli kabokosi ka wayifayi ya m'sitolo. Anakauza kabokosiko kuti foni iliyonse yolumikizidwa pamenepo ikafunsa za pyogane.test, izilozeredwa ku laputopu yake. Anatuluka thukuta lili kamukamu n'kuuza anthu kuti alowe pa wayifayi ya a Pyo ayesenso.

Chimene anaiwala, kapena chimene anasankha kusachikumbukira, n'choti siginecha ya Tak Sanggu inkadziwika ndi laputopu yake yokha. Mafoni a anthu a mumsika anali asanamvepo za munthu ameneyu. Adiresi inapezeka ndithu ulendo uno, koma m'malo mwa tinsomba, foni iliyonse inaonetsa chenjezo lofiira. Mayi Seok anavala magalasi awo n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kuti onse amve: malo awa ndi osadalirika, mwina pali anthu amene akufuna kukuberani.

Foni yanga inalira ndili m'sitolo ya nsapato ndi mwana wanga. Mawu a Sanggu ankamveka ngati akuchokera m'chitsime.

"Achemwali, bwerani ku Yeongdo. Bambo Pyo akuti ndibweretse munthu wamkulu wondidziwa."

Ndinakasiya mwana kwa agogo ake n'kukwera basi yowoloka mlatho. Ndinapeza sitolo ili yotsegula, mayi a Haeju akuyeza tinsomba pa sikelo ngati palibe chachitika, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka kobisa. Anandilozera kuseri ndi chibwano. Kumeneko, pakati pa milu ya makatoni, Bambo Pyo anakhala pa kampando, manja ali pa mawondo. Sanggu anaima pakona atakumbatira laputopu pachifuwa ngati mwana wodwala.

Nditapereka moni n'kudzitchula, bambowo anandiuza kuti mnyamatayu wafotokoza kale kawiri, koma mawu ake ndi ambiri ndipo satuluka mwadongosolo. Iwo ankafuna kudziwa chinthu chimodzi. Pa zaka zonse zimene agulitsa mumsikawo sanaberepo munthu ngakhale kansomba kamodzi pa sikelo. Nanga foni ya Mayi Seok ikuwatchula wakuba chifukwa chiyani?

Ndinawauza kuti foniyo sikunena iwo. Foni ikafika pa webusayiti imafunsa chiphaso, n'kuyang'ana amene anasayina. Akakhala mmodzi wa mabungwe amene mafoni onse amawadziwa, imatseka kaloko n'kulowa. Akakhala munthu wosamudziwa, imakuwa. Sikuti yaona wakuba, yangoona mlendo.

"Nanga chiphaso changachi anasayina ndani?"

Ndinayang'ana Sanggu. Anayankha ali chiweramire kuti anasayina yekha.

"Wekha."

"Inde, bambo."

"Unalemba kuti malo awa ndi odalirika, n'kusayina wekha, n'kudzikhulupirira wekha."

"Ndi mmene timachitira poyesera, bambo."

Bambo Pyo anatembenukira kwa ine kuti aone ngati n'zoona. Ndinavomera kuti pa ntchito yathu anthu amatero, ndipo palibe cholakwika bola zikhale za m'nyumba. Ndinawonjezera kuti adiresi imene ili pa makatoniwo ili ngati dzina limene mwana amaitanidwa pakhomo. A m'nyumba amalidziwa, koma ukalilemba pa envelopu wa positi sangafike. Anafunsa ngati singalembetsedwe kuboma kuti ikhale yeniyeni, iwo alipira. Apa Sanggu, poti chizolowezi ndi matenda, anadzutsa mutu n'kuyamba kunena kuti ubwino wa dzina lotere ndi woti palibe angaligule. Ndinamuponda phazi asanafike pa sitima.

Bambowo anamutuma Sanggu kuti akathandize mayi kutsogolo. Titatsala awiri anatenga katoni imodzi, n'kumasisita zilembo zagolide zija ndi chala chachikulu. Anandiuza kuti osindikiza anawafunsa kawiri ngati adiresiyo ili yolondola, poti anali asanaonepo yothera choncho, ndipo iwo anayankha kuti ndi yamakono. Anatulutsa kampweya m'mphuno, kamene ndinazindikira pambuyo pake kuti ndiko kuseka kwawo. Kenako anandifunsa mosazungulira ngati mnyamatayu ndi wabodza.

Ndinati ayi. Ndinawauza kuti pa zaka zimene ndakhala naye sindinamugwirepo bodza, ndipo kuntchito vuto lake ndi lonena zoona zambiri kuposa zimene munthu wafunsa. Koma iwo amawaopa, ndipo tsiku lija iwo atamwetulira, iye analibenso mtima wobweza kumwetulirako.

"Ndimaopsa ine?"

Ndinati pang'ono.

Anati akazi awo amanenanso zomwezo, koma iwo saona chimene chimaopsa pa munthu wongokhala. Anaimirira n'kumuitana Sanggu.

Chigamulo chinali chachifupi. Choyamba, achotse zimene anachita pa kabokosi ka wayifayi, mafoni a anthu asiye kukuwa. Chachiwiri, apange adiresi yoti ngakhale foni yotchipa ya Mayi Seok itsegule. Chachitatu, ayende sitolo ndi sitolo mumzere wonsewo, afotokozere aliyense amene anaona chenjezo lija kuti wolakwa ndi Tak Sanggu, osati sitolo ya Pyo. Ndipo afotokoze mwachidule.

Zoyamba ziwirizo tinazichita masana omwewo titakhala pa makatoni. Dzina loti pyogane lenileni tinapeza kuti wina analigula kale, choncho panabuka mkangano wa dzina latsopano. Bambo ankafuna lokhala ndi chaka chimene sitolo inatsegulidwa, mayi ankati lalitali anthu aiwala, ndipo anapambana ndi mayi. Tinalipira, tinasamutsira webusayiti pa seva yakunja, tinapempha chiphaso kwa amene mafoni amawadziwa. Sanggu anayamba wazimitsa wayifayi pa foni yake, n'kutuluka mpaka kunja kwa msika kukayesera kumeneko, ngati kuti adiresiyo ingachite manyazi pafupi ndi laputopu. Anabwerako akuthamanga. Bambo Pyo sanafune kuona pa foni yake. Anawoloka kanjira n'kukapempha Mayi Seok kuti ayese pa yawo. Tinsomba tinaoneka, kaloko kali potseka. Mayi Seok anayang'anitsitsa n'kunena kuti zithunzizo n'zokongola kuposa katundu weniweniyo. Bambowo anati zikomo.

Chachitatu chija ndicho chinamutengera nthawi. Ndinamuperekeza masitolo angapo oyamba kuti ndione mmene munthu wa maulaliki angafotokozere mwachidule. Kwa wa mafuta a chitowe anayamba bwino, koma atafika pa mawu oti chiphaso ndinaona dzanja lake likufufuza mpando. Mwamwayi wogulitsayo anamudula n'kumupatsa foni kuti amuchotsere mauthenga a malonda amene ankamuvutitsa. Wa mipeni anamvetsera kupepesa konse, n'kufunsa ngati nayenso angapangiridwe webusayiti, koma ya adiresi yotseguka. Gogo wina wogulitsa nyemba sanamve chilichonse cha zimene zinachitika m'mawa, koma anamugwira dzanja n'kumuuza kuti wamukhululukira, ndipo amuonere chifukwa chake zithunzi za zidzukulu zake sizikutseguka. Pofika kumapeto kwa mzere, Sanggu anali atakonza mafoni ambiri kuposa amene anawakuwitsa, m'matumba mwake muli mabisiketi a mpunga ndi maswiti a jinja.

Haeju anafika kuchokera kuntchito dzuwa likupendeka. Mayi ake anamukokera pambali n'kumufotokozera. Tinamva kuseka kwake kuchokera kuseri, kukuleka, kukuyambanso. Atatuluka anapukuta misozi, n'kumufunsa Sanggu chifukwa chake sanamuuze. Iye anati ankaopa kuti aseka. Haeju anati akanaseka ndithu, koma akanaseka Lachitatu, makatoni ena asanapite kwa makasitomala.

Imeneyo inali nkhani ina. Makatoni ochepa anali atagulidwa kale, ndipo amenewo panalibe chochita. Otsalawo anafunika kumatidwa timapepala ta adiresi yatsopano pamwamba pa zilembo zagolide. Timapepalato tinabwera Lolemba, ndipo madzulo ake ofesi yathu yonse inapita ku Yeongdo, ena chifukwa cha chifundo, ambiri chifukwa chofuna kuona Bambo Pyo ndi maso awo. Tinakhala mozungulira pansi, wina kupatsira katoni, wina kumata, wina kusanja. Mayi a Haeju anatiphikira zakudya za tirigu zonga zingwe mumsuzi wa tinsomba tomwe tija, ndipo mnzathu wina anadya mbale zitatu akunena kuti akuyesa katundu wa kasitomala. Bambo Pyo ankayendera ntchito manja ali kumbuyo. Akapeza kapepala kopendama ankakamatula n'kubwezera katoniyo kwa Sanggu, ngakhale womata atakhala wina. Kaloko kojambula kaja anati tisakaphimbe, poti tsopano kakunena zoona.

Tili mkati momata, bambowo anaima kumbuyo kwa Sanggu n'kufunsa kuti nanga webusayiti ya mulaputopu ija itani tsopano. Sanggu anayankha msangamsanga kuti aifufuta usiku womwewo, isadzavutitsenso munthu. Iwo anafunsa ngati munthu atasintha kanthu mmenemo, a kunja angaone. Anati ayi. Anafunsanso ngati Mayi Seok angaone. Anati ngakhale Mayi Seok. Bambowo anaganiza pang'ono, n'kunena kuti asaifufute.

Ukwati unachitika chaka chotsatira, maluwa a m'misewu atayamba kuphuka. Koma ngakhale usanachitike, Sanggu anali atayamba kale kupita ku Yeongdo Lamlungu lililonse ndi laputopu yake. Ankati akangofika, apongozi ake amamutengera kuseri, amatseka chitseko, amavala magalasi, n'kulemba okha pyogane.test ndi chala chimodzi. Mmenemo amayesa zinthu. Amakweza mtengo wa tinsomba n'kuuyang'ana kwa kanthawi kuti aone mmene ukuonekera, kenako n'kuutsitsa. Analembamo mbiri ya sitolo yawo kuyambira tsiku limene anafika mumsikawo ndi dengu limodzi, yaitali moti Sanggu anati sakudziwa kuti mawu onsewo ankawasunga kuti. Mlungu wina anayesa kulemba pamwamba kuti katundu wathu ndi woposa wa sitolo yoyang'anizana nayo, anawerenga kawiri, anatulutsa kampweya kaja m'mphuno, n'kumuuza kuti afufute.

Chimene ankachifunitsitsa chinali chithunzi chawo. Anakajambulitsa atavala suti, tsitsi atalidaya, atanyamula nsomba youma yaikulu ngati mphoto ya mpikisano, ndipo anauza Sanggu kuti achiike patsamba loyamba, chachikulu, tinsomba titsikire pansi. Anachisunga mulaputopu milungu ingapo akusinthasintha, lero chikhale kumanja, mawa pakati. Atakhutira anaitana akazi awo kuti adzaone chisanatuluke kunja. Mayi a Haeju anabwera akupukuta manja pa epuloni, anayang'ana, n'kufunsa ngati akugulitsa nsomba kapena akufuna mkazi wina.

Chithunzicho sichinatuluke. Pa webusayiti yeniyeni mpaka lero pali tinsomba tokhatokha. Nditamufunsa Sanggu ngati apongozi ake anakhumudwa, anati sakudziwa, chifukwa nkhope yawo ndi imodzimodzi masiku onse. Anangomuuza kuti mulaputopumo chikhalebe pamene chili, ndipo Lamlungu likudzalo abwere msanga, akufuna ayese china chovala chipewa.